Zitsulo za simenti ku Chinamwali

Mwana wa mlongo wanga, amene ndimakhala naye ku Chinamwali, anangodzuka tsiku lina n'kuyamba kudana ndi thupi lake. Akuti chifuwa palibe, mikono ngati mapesi, pomwe anzake a pa TikTok onse ali ndi six pack, minofu yoonekera ya pamimba. Ndalama ya jimu analibe, ndiye anandipeza ndikutsuka shovelo.

"Amalume, inu ndinu mmisiri womanga. Tandipangireniko zonyamula za simenti."

Ntchito yake si yovuta. Pamafunika zitini ziwiri za penti za malita 5 ndi paipi yachitsulo yotalika mita imodzi ndi theka. Chitini chotere chikadzaza konkire chimalemera pafupifupi makilogalamu 12. Kasakanizidwe ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya kwale. Mchenga wa mu Likangala muyambe mwautsuka, chifukwa dothi limafooketsa konkire, ndipo madzi akhale ochepa, asafike pokhala phala. Chinsinsi chili pa misomali. Mumaboola paipi kumapeto n'kulowetsamo misomali iwiri ya mainchesi 6 mopingasa kuti konkire ipeze pogwira, popeza paipi ndi yoterera. Mukatero mumaimika paipi pakati penipeni pa chitini, kuthira konkire, n'kuigwedeza kuti mpweya utuluke. Mbali inayo imadikira mpaka yoyamba itagwira. Kenako ndi kuthirira madzi masiku 7, ngakhale mphamvu yake yonse imakwana pa masiku 28.

Ndinapanga mbali imodzi, n'kupita kukagwira ntchito ku Domasi. Mnyamata uja masiku 28 anawaona ngati chilango. Pobwera ndinapeza mbali yachiwiri yathiridwa kale, zitini zapakidwa penti yofiira, iye wavula malaya akudziyang'ana pa galasi la windo. Za misomali sanatchule. Za kuti konkire yake yagona masiku awiri okha sanatchulenso.

Linali Loweruka, amayi a pa loko ali pampopi. Mnyamata anagona pa benchi n'kuyamba kukankha mothamanga, msana utapindika, mpweya ataugwira. Zimenezo n'zimene zimapweteketsa mapewa.

"Iwe, choka apo ndikuonetse. Mapazi pansi, msana pa benchi, manja atalikirane mofanana kuchokera pakati. Potsitsa umakoka mpweya, pokankha umautulutsa. Kakhumi, upume, katatu konse. Mawa lake osanyamula, minofu imakula ukamapuma."

Amayi aja anasiya kutunga. Ine mimba yanga ndi yodziwika mpaka ku Matawale, choncho ndinaikokera m'kati ndisanagone pa benchi. Paja kunyamula zitsulo kokha sikuphwetsa mimba, ngakhale mutagona ndi kudzuka kambirimbiri. Mafuta sasankha pochoka, amatsika thupi lonse munthu ukachepetsa mitanda ya nsima ndi tchipisi cha pa chiwaya.

Koyamba zinayenda. Kachiwiri mayi wina anaimba nthungululu. Kachitatu mkono wamanzere unatsalira pang'ono, monga zimakhalira kwa ambiri, paipi n'kupendekeka. Ndinangomva fwaa! Chitini chopanda misomali chinavuka, n'kukagwera pa mbaula pomwe panali poto wa matemba a ku Chilwa. Tsono makilogalamu 12 akatsala mbali imodzi ya paipi, safunsa kuti ndinu mmisiri wa zaka zingati. Anandizungulitsa, benchi inatembenuka, ine phofo! m'beseni la mphale yoviika ya amayi eni nyumba. Mphaleyo inali italowa tsiku lachitatu, ndipo amene anakulira pa ufa woyera akudziwa fungo la madzi ake.

Podzuka, buluku linang'ambika kumbuyo kuchokera pa lamba mpaka pansi. Mimba ija inabwerera pamalo pake. Mnyamata anali atagwira foni.

"Amalume, ndimajambula kuti ndiziphunzira."

Amayi eni nyumba anafika atagwira m'chiuno, n'kuyang'ana beseni, mbaula, kenako ine.

"Achimwene, thupi mwalipeza?"

Anawerengera mphale, poto ndi matemba, zonse n'kuziika pa lendi ya mwezi umenewo. Theka la zitsulo lotsalalo analanda, pano amamangirirapo mbuzi. Mnyamata uja wayamba kuthamanga m'mawa kukwera msewu wa Ku Chawe, akuti tsopano vuto ndi miyendo.