Sabata ya madayisi mu Fomu 4

Ana a Fomu 4 amaona ngati probability, masamu owerengera mwayi woti chinthu chichitike, ndi mutu wophweka mpaka atakumana nawo pa pepala la MSCE. Amaloweza kuti uwerenge zimene ukufuna n'kugawa ndi zonse zimene zingachitike, koma ukawafunsa kuti zonsezo ndi zingati amangoyang'anana. Chaka chino ndinayamba ndi madayisi, choko pambuyo.

Madayisi a ludo amene ndinagula mumsika wa Limbe sakanakwanira ana oposa 70, choncho kalipentala wina ku Ndirande anandidulira timatabwa, ine n'kulemba madontho. Gulu lililonse linalandira awiri, loyera ndi lofiira.

Lolemba tinangosewera. Woponya amaphatikiza madontho a madayisi onse awiri. Mbali A ipambane ikatuluka 2, 3, 4, 10, 11 kapena 12, mbali B ipambane ikatuluka 5, 6, 7, 8 kapena 9. Pafupifupi onse anathamangira ku A poti ili ndi manambala 6 pomwe B ili ndi 5 okha. Belu lisanalire, a B anali akuvina m'magulu ambiri. Mnyamata wina anakuwa, "Madamu, madayisiwa mwawakhwimira!" Ndinangowauza kuti asunge zimene alemba.

Lachiwiri ndi limene ndimalidikira. Ndinajambula area model pa bolodi, ngati munda wogawidwa ndime 36 zofanana, manambala a dayisi loyera m'mbali, a lofiira pamwamba. Ana okha analemba zotsatira m'mabokosimo. Anaona 7 atayala mabokosi 6 kudutsa pakati, 2 ali yekha pangodya, 12 pangodya ina. Atapaka a A anapeza 12, a B anapeza 24. Palibe amene ndinamuuza kuti masewera adzulo anali okondera, anadzionera okha.

Kenako mtsikana wina wakumbuyo, amene salankhulalankhula, anafunsa kuti, "Madamu, 3 ndi 4 si chimodzimodzi ndi 4 ndi 3? Bwanji tawerenga kawiri?" Funso limeneli ndi limene limagwetsa ambiri, chifukwa wowerenga kamodzi amapeza 21 m'malo mwa 36, ndipo yankho lililonse lotsatira limakhota. Ndinamupatsa madayisi kuti aike loyera pa 3, lofiira pa 4, kenako loyera pa 4, lofiira pa 3. Anayenera kutembenuza onse awiri. Anawayang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Ndi njira ziwiri." Mitundu iwiri ija ndinaifunira zimenezi.

Lachitatu piriyodi yathu inapita ndi msonkhano wa makolo.

Lachinayi tinafika pa kuchulukitsa. Ndalama yachitsulo ndi dayisi limodzi: bokosi ligawidwe pawiri mbali ina, kasanu n'kamodzi mbali inayo, mabokosi 12. Mwayi wa mutu wa ndalama pamodzi ndi 6 ndi bokosi limodzi, 1/12, ndipo mwana akuona kuti ndi utali kuchulukitsa ndi mulifupi, zimene anaphunzira ku pulayimale. Pamenepo m'pamene ndinabweretsa tree diagram, chojambula cha nthambi zosonyeza njira zonse zimene zingachitike, popeza amaifuna pa mayeso a MANEB, ndipo inalowa mosavuta.

Nkhani ina sindikanaisiya. Ndikudziwa kuti anyamata ena m'kalasimu amabetcha mpira wa ku England pa foni, nthawi zina ndi ndalama ya minibasi. Ndinatenga pepala n'kunena kuti tiyerekeze kuti mwayi wolosera bwino masewero amodzi ndi theka. Ndinaling'amba pakati, theka lake pakatinso, mpaka kasanu. Kachidutswa kotsalako ndi 1/32, mwayi wolosera bwino masewero 5 onse. Tikiti ya masewero 10 ndi 1/1024, ndipo zala sizingang'ambe mpaka pamenepo. Wina anati, "Koma mnzanga anawinapo, Madamu." Ndinavomera kuti kachidutswako kalipodi, n'kumufunsa kuti zidutswa zina zonse zili patebulozi ndi za ndani. Mtima umandiwawa ndikaona mwana akuyenda wapansi kuchokera kusukulu mpaka ku Bangwe chifukwa cha tikiti yotere. Ndinawauzanso kuti masamu amenewa anakula kuchokera m'mafunso a juga, m'makalata amene akatswiri a masamu a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, ankalemberana mu 1654.

Lachisanu gulu lina linadandaula kuti dayisi lawo lathabwa likungotulutsa 5 ndi 2. Titaliyeza ndi rula tinapeza kuti ndi lophwatalala pang'ono, choncho limakonda kugonera nkhope ziwiri zazikuluzo. Sindinalitaye. Area model yathu imadalira kuti nkhope zonse zikhale ndi mwayi wofanana, ndipo dayisi ili linaswa lamulolo, kotero njira yotsala inali kuliponya kambirimbiri n'kuwerenga zotuluka. Gulu limenelo lapempha kuti lipitirize kuponya Lolemba nthawi ya buleki, ndipo ena onse ndawatuma zitsekerero za mabotolo zamitundumitundu, kuti tiyambe kutola m'thumba osabwezeramo.