Chitsime cha ku Mongolia ndi dibi la kwathu

Teremu ino m'kalasi la zachitukuko aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe dziko limodzi losauka limene linasiya chikomyunizimu, alembe mmene thandizo lochokera kunja linayendera kumeneko. Anzanga ambiri anathamangira ku Mozambique poti n'pafupi. Ine ndinatola Mongolia, dziko limene ndinkangoliona pa mapu litapanikizika pakati pa Russia ndi China. Ndakhala nalo masabata asanu, ndipo mpaka lero likukana kuchoka m'mutu mwanga.

Ndi dziko lalikulu zedi, Malawi angalowemo maulendo 13, koma mu 1990 anthu ake anali ongopitirira pang'ono 2 miliyoni. Kwa zaka pafupifupi 70 linkayamwa ku Soviet Union. Mafuta, mankhwala, zitsulo za makina, akatswiri, zambiri zinkachokera kumeneko, ndipo thandizo limenelo linkafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse cha dziko. Mu Malichi 1990 achinyamata ananyanyala kudya pa bwalo la Sükhbaatar mumzinda wa Ulaanbaatar, akuluakulu a chipani cholamula anatula pansi maudindo popanda kukhetsa magazi, ndipo mu Julayi anthu anavota pa chisankho cha zipani zambiri. Chimwemwe sichinakhalitse. Soviet Union nayo inali kuphwasuka, bere linauma mwadzidzidzi, m'masitolo munalibe kanthu, chakudya n'kuyamba kugulidwa ndi khadi la boma.

Mu 1991 Mongolia inalowa m'mabungwe a IMF, World Bank ndi Asian Development Bank. Chaka chomwecho opereka thandizo anakumana ku Tokyo, ndipo Japan ndiye anakhala wopereka wamkulu kwa zaka zambiri.

Pepala langa loyamba ndinalilemba ndi mkwiyo. Ndinati azungu ndi mabanki awo anaononga dziko la eni, basi. Aphunzitsi anandibwezera atalemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti ndagamula mlandu ndisanamve mboni zonse. Zinandiwawa, koma ananena zoona. Mboni imene ndinaisiya ndi kuzizira. Ku Ulaanbaatar m'mwezi wa Januwale kumazizira mpaka madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo nyumba zosanja za m'tauni zimafunda ndi madzi otentha ochokera ku malo opangira magetsi oyendera malasha. Makina ake anali a ku Soviet Union, zitsulo zosinthira zinali zitasiya kubwera. Ndalama za Japan zinathandiza kukonza malo aakulu kwambiri mwa amenewa, otchedwa nambala 4. Makina amenewo akanazima pakati pa nyengo yozizira, anthu akanafera m'nyumba. Munthu woona mtima sangalumphe zimenezo.

Komabe ndalama zinabwera ndi malangizo: masulani mitengo ya zinthu, chepetsani zimene boma limalipira, gulitsani katundu wa boma msanga. Ndiyeneranso kunena kuti sanali alendo okha ofuna liwiro limeneli, akatswiri achinyamata a zachuma a ku Mongolia komweko nawonso anali patsogolo. Nzika iliyonse inalandira makuponi a ndalama za kumeneko zokwana matugrik 10,000, ena ogulira zinthu zing'onozing'ono, ina yabuluu yogulira masheya m'makampani akuluakulu. Taganizani mbusa amene sanamvepo za sheya chibadwire atagwira kapepala kotere m'manja, pamene mitengo ya zinthu mu 1992 inakwera ndi maperesenti oposa 300. Ambiri anataya gawo lawo pa mtengo wozizira kuti agule ufa.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa nkhani ya ziweto. Abusa a ku Mongolia amaweta akavalo, ngamila, ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi, ndipo amasamukasamuka ndi nyumba zawo zozungulira zotchedwa ger. M'nthawi ya chikomyunizimu ziweto zambiri zinali za magulu otchedwa negdel, amene abusa anakankhiridwamo m'zaka za m'ma 1950. Magulu amenewa atathetsedwa, ziweto anagawana, ndipo abusa ambiri anakondwa. Ndani sangakondwe kukhala ndi khola lakelake? Anthu amene ntchito zinawathera m'matauni nawonso anabwerera kutchire kukaweta, ena asakudziwa n'komwe kawetedwe. Mabanja oweta anachuluka kuposa kawiri, ziweto zinachoka pa 25 miliyoni ndi kanthu mu 1990 kufika pa 33 miliyoni mu 1999. Pa pepala zinkaoneka ngati ndondomeko yapambana.

Koma negdel sinali khola chabe. Inali ndi malole osamutsira mabanja kupita kumene kuli msipu. Inkamweta udzu n'kuusunga kudikira chaka choipa. Inali ndi dokotala wa ziweto, ndi munthu wokonza pampu ya pachitsime. Nkhosa mungagawane, iwe khumi ine khumi, nanga chitsime chakuya chokhala ndi injini mugawana bwanji? Zitsime zambiri zinafa, pena zitsulo anthu anazula n'kukagulitsa. Udzu wosungidwa unachepa kwambiri. Abusa anasiya kupita kutali, anaunjikana pafupi ndi madzi otsalawo ndi misika, msipu n'kuperepeseka. Anyamata ambiri anasiyitsidwa sukulu kuti azikaweta.

Kenaka kunabwera dzud. Mawuwa amanena nyengo yozizira yoopsa, makamaka ikatsatana ndi chilala: ziweto zimalowa m'chisanu zili zoonda, chipale chimakwirira udzu kapena kuuma gwa pamwamba pake, ndipo ziboda zimalephera kufukula. Kuyambira 1999 mpaka 2002 dzud inabwera zaka zitatu zotsatizana n'kupha ziweto pafupifupi 11 miliyoni. Ndinaona chithunzi cha nkhosa zakufa zitaunjikidwa kuseri kwa khola ngati mulu wa nkhuni, mwini wake ataima pambali manja ali m'thumba. Mabanja zikwizikwi anatsala opanda chiweto ngakhale chimodzi. Ambiri anapasula ger zawo n'kukazimanga m'mapiri ozungulira Ulaanbaatar, kumene mpaka pano anthu amatunga madzi ndi zigubu ndi kusonkha malasha, utsi n'kuphimba mzinda wonse. Dzud si yachilendo, inkabwera ngakhale kale. Chachilendo chinali chakuti inapeza nkhokwe ya udzu ili pululu, lole kulibe.

Ndikuwerenga zimenezi ndinakumbuka dibi la kumudzi kwa amayi anga. Ndili mwana ndinkaperekeza amalume kukasambitsa ng'ombe m'mamawa, zikudumphira m'madzi onunkha mankhwala, alangizi akuwerenga ndi kabuku m'manja. Lero dibilo ndi dzenje long'aluka, mwamera nsenjere, ana amasewereramo chibisalirano. Ng'ombe iliyonse ya m'mudzimo ili ndi mwini wake, koma dibi linalibe woti n'kulilirira. Mongolia si Malawi, ndipo sindikufuna kukakamiza kuti nkhani ziwirizi zifanane, koma dzenje limenelo ndi limene linandithandiza kumva zimene mabuku ankanena.

Opereka thandizo anaphunzirapo kanthu, ngakhale mochedwa. Chipale chitasungunuka kunayamba mapulojekiti okonzanso zitsime ndi kusonkhanitsa abusa m'magulu osamalira msipu. Mu 2005 World Bank inathandiza kuyambitsa inshuwalansi ya ziweto imene imalipira poona kuchuluka kwa ziweto zimene zafa m'dera lonse, osati poyendera khola lililonse. Ndi nzeru yabwino, ndipo ndinaikonda. Chimene chimandipweteka n'chakuti zina mwa ndalama zimenezi zinapita kukadzutsa zinthu zomwe zinalipo kale zaka khumi m'mbuyomo, zimene zinangolekereredwa pa nthawi imene aliyense anali kalikiliki kuwerenga kuti katundu wa boma wagulitsidwa wochuluka bwanji. Ndipo m'nyengo yozizira ya 2009 mpaka 2010 dzud inabweranso n'kupha ziweto mamiliyoni ena.

Pepala lachiwiri ndapereka Lachisanu lapitali. Mulibe mkwiyo wa poyamba uja, muli malo opangira magetsi a nambala 4, makuponi, zitsime ndi udzu. Tchuthi chino ndikupita kumudzi, ndipo ndawaimbira kale amalume kuti adzandifotokozere chaka chimene dibi linasiya kugwira ntchito, ndiponso ngati eni ng'ombe anakhalapo pansi kukambirana zosonkha ndalama ya mankhwala.