Zikomo kwa onse amene munandifikitsa ku Amsterdam

Ndabwerako bwino ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, kumene ndinakakhala nawo pamsonkhano wa amayi ochita kafukufuku wa kalumikizidwe ka makompyuta, ndipo ndaona kuti nkoyenera kuthokoza poyera. Msonkhanowu unakonzedwa ndi gulu la N2Women, lomwe Tracy Camp ndi Wendi Heinzelman analiyambitsa mu 2006 kuti amayi a ntchito imeneyi, omwe ndi ochepa, azidziwana, ndipo chaka chino cha 2022 unachitika mu Ogasiti pamodzi ndi msonkhano waukulu wa akatswiri onse a ntchito imeneyi, wotchedwa ACM SIGCOMM. Ndikuthokoza amene anandisankha kulandira thandizo la ulendo la ophunzira, komanso aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga, amene anandilembera kalata yondiikira umboni.

Koma kuthokoza kwanga kwakukulu kukupita kwa inu amayi anga a chipereganyu cha kumpingo kwathu ku Rosettenville, muno mu Joni. Monga zimakhalira kawirikawiri ndi thandizo lotere, munthu amayamba walipira yekha, ndipo ndalama zimabwezedwa akabwerako ndi malisiti. Tikiti ya ndege, malo ogona, viza ya Schengen yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, yomwe panthawiyo inali mayuro 80, inshuwalansi yomwe iyenera kufika mayuro 30,000 pa za chipatala, zonsezo zinkafunika ndisananyamuke, pamene ine ndalama yanga imathera pa lendi ya kachipinda ku Braamfontein. Ndinali nditatsala pang'ono kulemba kalata yokana mwayiwo.

Sindidzaiwala Lamulungu lija titaweruka mapemphero, pamene amayi asungichuma anandiitanira kuseri kwa tchalitchi nkundipatsa envulopu yodzaza ndi ma R50 ndi ma R100 opindapinda, pamodzi ndi kope lolembedwa dzina la aliyense ndi zimene wasonkha. Ambiri mwa inu mumagwira ntchito za m'nyumba za anthu muno mu Joni, ndipo ndikudziwa kuti ndalamazo zinayenera kupita kumudzi kukagulira feteleza. Amayi ena, amene mwezi umenewo inali nthawi yawo yolandira, anavomera kudikira, nangondifunsa kuti, "Kodi mwanangu, zimene ukukanenazo zidzafika kwathu ku Ntcheu?"

Funso limenelo ndi limene ndinkaliganizira nditaima pafupi ndi positala yanga, chipepala chachikulu choonetsa kafukufuku wanga, kumsonkhano kuja. Kafukufuku wanga ndi wotumiza intaneti kumidzi kudzera m'mafunde a wailesi ya kanema amene sakugwiritsidwa ntchito, chifukwa mafunde amenewa amafika kutali ndipo mitengo ndi zipupa siziwatchinga kwambiri ngati a Wi-Fi. Njirayi inayesedwapo ku Zomba mu 2013, akatswiri a ku Chancellor College atagwirizana ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga ku Malawi. Ena mwa amene anabwera kudzamva sankadziwa kuti Malawi alibe nyanja yamchere, kotero kuti intaneti yathu imadalira zingwe zodutsa m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Pulofesa wina wamayi anakhala nane nthawi yaitali, nandionetsa pamene kayezedwe kanga kanali kofooka, ndipo kunena zoona, kudzudzula kwakeko kunandithandiza kuposa mawu onse oyamikira amene ndinamva.

Ndalama zija zabwezedwa sabata yatha, ndipo Lamulungu likubwerali ndidzabweretsa envulopu yanu pamodzi ndi kope lija. Mtsikana aliyense amene akufuna kufunsira thandizo ngati limeneli chaka chamawa adzandipeze tikaweruka, kuti tiyambe msanga kukonza makalata ake ndi za viza.