Kusankha swimbait yotsika mtengo yofanana ndi trout

Swimbait (nyambo yochita kupanga imene imasambira ngati nsomba yeniyeni) yoyamba yofanana ndi nsomba ya trout imene ndinagula inali yodula kwambiri, moti inakhala m'bokosi miyezi ingapo ndisanalimbe mtima kuimanga pa chingwe. Nditayamba kuwedza nayo, ndinkaiponya pamadzi oyera okhaokha, kutali ndi zitsa ndi miyala, poopa kuti ingakodwe. Koma bass zikuluzikulu, nsomba zodya zinzake zimene ndimafuna kugwira, sizikonda malo oterowo, chifukwa zimabisala m'mitengo yomira, m'mbali mwa miyala ndiponso pamene pansi pa damu patsetsereka mwadzidzidzi. Tsiku limene ndinailola kumira mpaka pansi, inakola nthambi, ndipo nditalimbana nayo kwa theka la ola chingwe chinaduka. Kuchokera pamenepo ndimagula nyambo imene mtima wanga ungapirire kuitaya, pakuti imeneyo ndi imene ndimaiponya kumene kuli nsomba.

Nyambo zimenezi zinakulira m'madamu a ku California, ku America. M'chaka cha 1959 anabweretsa bass za mtundu wa ku Florida m'dera la San Diego, ndipo popeza m'madamu ambiri a kumeneko amathiramo rainbow trout zoleredwa m'maiwe nyengo yozizira, bass zinapeza chakudya chonona chosavuta kugwira. Mu 1991 Bob Crupi anagwira bass ya mapaundi 22, pafupifupi makilogalamu 10, ku Castaic Lake, ndipo mu 2006 ku Lake Dixon kunatuluka ina ya mapaundi 25, imene sinalowe m'buku la nsomba zazikulu koposa chifukwa mbedza inaikola pathupi osati m'kamwa. Nsomba ziwirizi sizinagwidwe ndi swimbait, komabe zimaonetsa kukula kumene bass imafika ikamadya trout. Asodzi a m'madamu amenewa ndiwo anayamba kusema ndi kuumba nyambo zazikulu, monga AC Plug ya Allan Cole, yathabwa yokhala ndi mchira wofewa, ndi Huddleston ya mainchesi 8 imene anthu ambiri amayerekezerapo zina zonse mpaka lero.

Mbiri imeneyi ndi yothandiza posankha chifukwa imatiuza chimene nyamboyo ikutsanzira. Trout yoleredwa m'dziwe inazolowera kupatsidwa chakudya ndi munthu ndipo siidziwa mdani, choncho ikathiridwa m'damu imasambira mwaulesi, mosatekeseka, nthawi zambiri pafupi ndi pamwamba pa madzi. Bass yaikulu, imene safuna kutaya mphamvu pothamangitsa tinsomba ting'onoting'ono, imaitsatira pambuyo n'kuiyang'anitsitsa isanailume. N'chifukwa chake funso loyamba limene ndimafunsa nyambo iliyonse, yodula kapena yotchipa, ndi lakuti kodi imasambira mowongoka ndikamaikoka pang'onopang'ono kwambiri.

Kuyesa kwake sikufuna zida. Ndimaima pamalo osaya pamene madzi ali oyera, ndimaponya nyamboyo mamita ochepa, kenako ndimakulunga chingwe mochedwa kwambiri mmene dzanja lingathere, maso ali pa mchira. Nyambo yabwino imayamba kugwedeza mchira ikangosuntha, thupi lake lili chilili ngati nsomba yamoyo. Yoipa imabwera ngati kamtengo mpaka mutaifulumizitsa, ndipo mukaifulumizitsa imapendekera mbali imodzi kapena kugudubuzika, mimba n'kuonekera kumwamba. Ndinagulapo zinayi za paketi imodzi, za kampani ina imene sinditchula, ndipo ziwiri zinkasambira bwino pamene ziwiri zinkapendekera kumanzere. Nditaunika imodzi pa dzuwa ndinaona kuti mtovu wa mkati, umene umailemeretsa, sunakhale pakati penipeni. Vuto limenelo silikonzeka. Koma ngati chapindika ndi mchira wokha chifukwa chopanikizika m'paketi, ndimauviika m'madzi otentha kwa masekondi ochepa, ndimauwongola ndi zala, n'kupachika nyamboyo mutu uli m'mwamba kuti izizire, ndipo kawirikawiri imabwerera mwakale.

Chachiwiri chimene ndimayang'ana ndi kamiridwe. A Huddleston amalemba pa nyambo zawo ROF 0, 5, 12 kapena 16, ndipo nambalayo imatanthauza mafiti amene nyambo imamira m'masekondi 10 (fiti imodzi ndi pafupifupi masentimita 30). Nyambo zambiri zotchipa zimangolembedwa kuti yomira pang'onopang'ono kapena yomira msanga, choncho ndimadziwerengera ndekha pamalo amene ndikudziwa kuya kwake, n'kulemba nambalayo pabokosi. Ngati ndalama zikukwanira nyambo imodzi yokha, ndimasankha yomira pang'onopang'ono, chifukwa ndikhoza kuiyendetsa pafupi ndi pamwamba, ndiponso ndikadikira imatsika ndithu, pamene yolemera imakukakamizani kukoka mofulumira kuti isakwekwerezeke pansi. Ndimaonetsetsanso kuti ikamamira imatsika chopingasa osati chamutu, pakuti bass zambiri zimaluma nthawi imene mwasiya kukoka.

Za utoto sindizitayira nthawi yambiri. Msana wodera wa madonthomadontho, mzere wofiirira m'mbali ndi mimba yoyera n'zokwanira, ndipo mamba ojambulidwa mwaluso amakopa wogula kuposa nsomba.

Pamene opanga nyambo zotchipa amachepetsera ndalama ndi pa zitsulo, ndipo apa m'pamene munthu amaluza nsomba ya moyo wake wonse. Ndimayesa nsonga ya mbedza pa chikhadabo cha chala chachikulu: ikatsetsereka ndi yobuntha, ikakanda n'kugwira ndi yakuthwa. Timphete tolumikizira mbedza ndimatikoka ndi pulayala, ndipo tikatseguka n'kusabwerera ndimatichotsa nthawi yomweyo. Kusintha mbedza ndi timphete kumawonjezera ndalama pang'ono, koma ndimayesetsa kuika za kulemera kofanana ndi zimene ndachotsa, chifukwa mbedza yolemera kwambiri imasintha kamiridwe ndi kasambiridwe ka nyambo. Palinso nkhani ya kulemera kwa nyambo yeniyeniyo. Bass ikalumpha n'kupukusa mutu, nyambo yolemera imene yalendewera pakamwa pake imathandiza kuzula mbedza. Ichi n'chifukwa chake ndimakonda kapangidwe kamene chingwe chimadutsa mkati mwa thupi n'kukamangidwa ku mbedza, monga Line Thru Trout ya Savage Gear, pakuti nsomba ikakodwa thupi la nyambo limatsetsereka n'kukwera m'chingwe, pakamwa n'kutsala mbedza yokha.

Pa nyambo zolimba za mfundo imodzi, zimene zimayenda mokhotakhota ngati chilembo cha S, kusiyana kwa mitengo n'kwakukulu kwambiri. S-Waver ya River2Sea ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi Slide Swimmer 250 ya Deps kapena nyambo zosema pamanja za Roman Made, ndipo ndi yokwanira kuphunzirira kugwedeza nyambo ndi chigwiriro cha rilo, kachipangizo kokulungira chingwe. Zotsanzira zopanda dzina ndimazisamala nazo, chifukwa zina zimalowa madzi pamsoko. Ndikabwera kowedza ndimagwedeza nyamboyo pafupi ndi khutu, ndipo ndikamva madzi mkati ndimadziwa kuti mawa idzamira mosiyana ndi lero.

Kukula kwa nyambo kumabisa ndalama zina zimene wogula saziona m'sitolo. Swimbait yofewa ya mainchesi 8, amene ndi masentimita 20, imalemera kupitirira magalamu 100, ndipo imafuna ndodo yolimba yopangidwira kulemera kumeneko, rilo yaikulu ndi chingwe chopirira kukoka kwa mapaundi 20 kapena 25. Kuiponya ndi ndodo wamba n'kuika ndodoyo pangozi yothyoka. Kwa amene akuyamba kumene ndimalangiza ya mainchesi 6, imene ndodo yolimba ya masiku onse imatha kuinyamula, ndiponso imalumidwa kawirikawiri, zimene zimalimbitsa mtima pa usodzi umene munthu angathe tsiku lonse osamva kanthu. Huddleston 68, imene ili ndi thupi la mainchesi 6 ndi mchira wa ija ya mainchesi 8, inapangidwira pakati pa ziwirizi.

Nyambo yofewa imang'ambika ndithu, makamaka pamphuno, pozungulira mbedza ndi patsinde pa mchira. M'bokosi mwanga simusowa kabotolo ka guluu wosungunula pulasitiki wofewa, chifukwa guluu wouma gwa amalimbitsa malowo n'kupha kagwedezedwe ka mchira. Ndimapukuta bala liume, ndimapaka pang'ono, ndimagwirizira mbali ziwirizo ndi zala, n'kuisiya usiku wonse. Imodzi mwa ziwiri zosambira bwino za m'paketi ija ndaimata kasanu, diso limodzi linagwa, utoto wa m'mbali unasupuka ndi mano a bass, ndipo ndi imene ndimayamba kumanga ndikafika pamitengo yomira.