Tsiku limene quad ya abwana inapita yokha kudamu

Ife a ku Chikwawa kuzizira timangokumva pa wailesi. Za injini ndinaphunzirira pa Nchalo, pansi pa mtengo wa nimu, ndikupatsira masipanala makaniko wina wokonza njinga za kabaza, ndipo nthawi yonse imene ndinakhala pamenepo sindinaonepo munthu akukoka choke. Kwathu mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, njinga ukangoiponda kamodzi yalira. Ndiye m'mutu mwangamu munakhazikika kuti choke ndi kachitsulo kongoikapo kuti kabureta ikwere mtengo.

Nzeru imeneyo ndinakwera nayo basi mpaka ku Joni, pa famu ina ya nkhosa cha ku Bethlehem ku Free State, kumene amalume anandipezera ntchito. Pafamupo panali quad yakalekale, njinga yamoto ya matayala anayi ija, yoyendera mipanda komanso kukokera kangolo ka chakudya cha nkhosa. Ndinafika mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinaipeza ikudwala. Utsi bii, petulo imamwa mosaona nkhope, pulagi ukaimasula yakuda ndi mwaye.

Matendawo ndinawagwira tsiku lomwelo, pamenepa pokha mundipatse ulemu wanga. Kabureta ntchito yake ndi kusakaniza mpweya ndi petulo, pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikatengera kulemera. Choke ndi kambale kozungulira kokhala pakamwa pa kabureta. Ukakatseka mpweya umachepa, injini n'kumakoka petulo wambiri. Tsono waya wa choke pa quad imeneyi unachita dzimbiri, kambale kaja kamangokhala kotseka theka tsiku lonse. Onjezani kuti Bethlehem ali pamalo okwera mamita opitirira 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka kale, muona kuti injiniyo inkatsamwa ndi petulo.

"Mphwanga, ingodonthezera oyilo pawayapo, basi," anatero amalume.

"Amalume, chitsamba timazula ndi mizu yomwe. Zimenezi ndisiyireni ine."

Ndinamasula timasikulu tiwiri togwira kambale kaja, n'kusolola kamtengo kake kachitsulo, mabowo awiri otsala m'mbali n'kumata ndi phala lomatira zitsulo lotchedwa Pratley Putty kuti fumbi lisalowe. Ntchito yaukhondo. Kambaleko ndinakakoloweka pa makiyi anga. Quad inalira bwino kuposa kale, utsi unatha, ndipo abwana anandiyamikira pamaso pa antchito onse, n'kuyamba kundiitana kuti makaniko. Amene sanaombe m'manja ndi mkulu wina wa ku Lesotho woweta nkhosa, amene tonse tinkangomutchula kuti Ntate. Iye anangoyang'ana kumapiri a Maluti, n'kukonza bulangete lake paphewa, n'kunena kuti Juni akubwera. Ine ndinayesa akunena za m'bale wake.

Juni anabweradi. Abale anga, kuzizira kwa ku Dedza kumene mumadandaula nako kuja ndi kamphepo kayeziyezi chabe. Kuno umadzuka udzu wonse uli mbuu ndi chisanu, madzi aumira m'mipope, nsonga za mapiri zayera. Ndipo petulo akazizira safuna kusanduka nthunzi, amangokakamira m'khosi mwa injini timadontho timadontho, pulagi n'kumathetheka pachabe. N'chifukwa chake injini yozizira imafuna petulo wochuluka poyamba. Zimenezi pa Nchalo panalibe wondiuza, ndipo mlandu umenewo ndimauikabe pa dzuwa la ku Chigwa.

M'mawa wa tsokalo abwana anali atapita kutauni, atalamula kuti chakudya chifike kukhola lakumunsi dzuwa lisanakwere. Ndinadina sitata. Injini inangozungulira mwaulesi, zii. Ndinadinanso mpaka batire inayamba kulira mofooka. Apo ndinakumbukira kaluso ka amakaniko: ukatseka kukamwa kwa kabureta ndi chikhatho, dzanja lako ndiye lasanduka choke. Ndinachotsa mpando, n'kuvula chipaipi cha mphira chochokera ku sefa ya mpweya.

Koma manja Mulungu anatipatsa awiri okha. Lamanja linali pa kabureta. Lamanzere linali pa chiwongolero, chala chachikulu pa sitata, zala zinazo zitakoka buleki, chifukwa quad imeneyi ikakhala m'giya siilira usanagwire buleki. Ndipo inalidi m'giya, poti dzulo lake ndinaiimika pamtsetse, kanyale kobiriwira koonetsa kuti ili pa fulii kanapsa ine ndisanabwere. Nanga moto aonjezere ndani? Pa quad moto supotokola chogwirira, umakankha kachitsulo ndi chala chachikulu cha kumanja. Ndinadula mphira wa chubu chakale n'kumanga kachitsuloko kali kokankha theka. Ndinadziyamikira mumtima.

Injini inakoka chikhatho changa, petulo wozizira n'kundinyowetsa zala. Inatsokomola. Kenako phuu! Moto unalavukira kukamwa kwa kabureta, nsidze yanga yakumanja n'kupita nawo. Ndinakuwa dzina la amayi anga, manja onse awiri ali kumaso.

Dzanja la pa buleki lija linali limodzi mwa manja amenewo.

Ma quad amtunduwu alibe kulachi yokoka ndi dzanja. Injini ikangokwera moto, kulachi imagwira yokha. Ndiye potsegula diso lotsalalo ndinaona quad ikunyamuka, yopanda mpando, yopanda woyendetsa, kangolo kali pambuyo. Siinathamange ayi, giya yoyamba ndi yaulemu. Inkayenda ngati mkamwini akudutsa pabwalo la apongozi, osacheuka, osapatuka. Ndikanaipeza bwinobwino pakanapanda majombo ndi chisanu. Phazi loyamba linatereka, lachiwiri linalondola, ndinapezeka chagada ndikuwerenga mitambo.

Nkhosa zinamva injini, ndipo kwa izo kulira kumeneko ndi belu la chakudya. Zinatuluka pa geti limene Ntate anali atangotsegula n'kuyamba kulondola kangolo. Thumba limodzi linagwa n'kuphulika, zina zinaima pamenepo, zambiri zinapitirira ndi ulendo. Motero mzere unali wotere: quad patsogolo, nkhosa pakati, ine pambuyo ndi jombo imodzi ndikukuwa kuti "Ima! Ima!" m'Chichewa, chinenero chimene quadyo inali isanamvepo chibadwire.

Kumunsi kwa mtsetsewo kuli damu. Madzi a m'mphepete anali ataundana, ndinamva kuti khetye khetye, kenako chubwi. Inalowa mpaka madzi anafika pa kabureta yosavala sefa ija, inamwa mkamwa umodzi, n'kuzima. Nkhosa zinaima m'mbali kudikira kuti wina azipakulire.

Ntate anatsika pang'onopang'ono, manja ali m'bulangete. Anandiyang'ana nsidze, anayang'ana quad, kenako anandifunsa mwaulemu ngati kwathu amakaniko amatsuka injini ikulira.

Tinaikoka ndi thirakitala, ine ndi amene ndinalowa m'madziwo kukamanga tcheni, ndipo za kuzizira kwake sindifuna kukamba. Tinamasula pulagi, n'kuzungulitsa injini kuti ilavule madzi, oyilo anatuluka woyera tinachita kusintha. Mwamwayi chitsulo cha pisitoni sichinapindike. Koma kubwezera choke kunakanika, chifukwa phala ndinamata lija linagwira zolimba, ndipo timasikulu tija ndinataya kalekale mu Januwale. Abwana atabwera sanakalipe. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anaitanitsa kabureta yatsopano, mtengo wake n'kumaudula pamalipiro anga mwezi ndi mwezi.

Amalume nawo sanachedwe. Madzulo omwewo nkhani inali itafika kale kumudzi pa WhatsApp, itakula panjira, moti amayi anaimba foni akulira kuti amva ndamiza thirakitala ya mzungu pamodzi ndi nkhosa zake.

Podikira kabureta ija chakudya ndinkatuta pa wilibala, mtsetse wonse uja, m'mawa uliwonse. Ndipo pa geti ndinkapeza Ntate ataima, atatambasula dzanja kuloza makiyi anga.

"Makaniko, lero kwazizira. Tabwerekeniko choke."