Galafu ya mizati: yambani ndi zitsekerero, choko chibwere pambuyo

Mwana wa Sitandade 2 kapena 3 mukamuonetsa galafu n'kumufunsa kuti mzati wautali ndi uti, aloza nthawi yomweyo osalakwa. Aphunzitsi ambiri amakhutira pomwepo n'kupita pa mutu wina. Koma kuloza chachitali ngakhale wa sukulu ya mkaka amatha. Funso limene limaulula ngati mwana wamva ndi ili: okonda mango akuposa okonda nthochi ndi angati? Mango akakhala pa 9, nthochi pa 6, ambiri amayankha kuti 9, ena amaphatikiza n'kupeza 15. Oyankha kuti 3 amakhala owerengeka.

Vuto limachokera pakuti mwanayo amaona mzati ngati chinthu chimodzi chachitali, osadziwa kuti m'kati mwake muli anzake 9 amene angawawerenge mmodzimmodzi. N'chifukwa chake galafu yoyamba asaipeze itajambulidwa kale pabolodi. Aimange yekha ndi manja.

Zipangizo zake n'zija timati TALULAR, kutanthauza zophunzitsira zopezeka m'dera lathu lomwe: zitsekerero za mabotolo, katoni yakale, rula ndi kachingwe. Zitsekerero zimangotayidwa pa okala iliyonse ku Ndirande kapena ku Bangwe, ana akhoza kutola okha. Zikhale za mtundu umodzi. Pakatonipo jambulani timabokosi ta masentimita 4 mbali zonse, mizere 10 kupita m'mwamba, ndipo mzere wapansi muudetse kwambiri chifukwa ndi poyambira mizati yonse. Timabokosito musatinyozere. Popanda ito, wina amapanikiza zitsekerero zake, wina amazitalikitsa, mapeto ake zitsekerero 4 zimaoneka zazitali kuposa 6. Zimachitikanso mukasakaniza zitsekerero ndi miyala kapena mabokosi a machesi pa galafu imodzi.

Funso lofufuzira likhale la mayankho atatu kapena anayi, ndipo mwana aliyense asankhe limodzi lokha. La Maule ndi Manoma limadzutsa kalasi ndithu, koma mizati iwiri siipereka zofananiza zambiri, ndiponso mkangano wake ungakudyereni phunziro lonse. Zipatso zimayenda bwino: mango, nthochi, masuku, magwafa. Tengani gulu la ana 20, aliyense chitsekerero chimodzi, ndipo alembe kaye chimene wasankha pakapepala asanaimirire. Mukapanda kutero, ataona kuti kumango kwachuluka anthu, onse amathamangira komweko.

Tiyerekeze kuti zatuluka motere: mango 9, nthochi 6, masuku 4, magwafa 1. Musanafunse china chilichonse, awerenge zitsekerero zonse pamodzi. Zikwane 20. Zikakhala 21 ndiye kuti wina waponya kawiri, ndipo ana amasangalala kumufufuza. Apa m'pamene amayamba kumva kuti chitsekerero chilichonse ndi munthu.

Tsopano funso lovuta lija. Tengani kachingwe, mukagoneke pamwamba pa mzati wa nthochi mpaka kadutse pa mzati wa mango. Pansi pa chingwe mizati iwiriyo ndi yofanana, wamango aliyense ali ndi mnzake wanthochi. Zimene zatsala pamwamba pa chingwe ndiye yankho: 3. Mwana azigwire ndi chala powerenga. Musafulumire kulemba 9 − 6 pabolodi. Achite za chingwezi ndi mizati ingapo kaye, kuchotsera kudzabwera ngati njira yachidule ya chinthu chimene akuchidziwa kale. Funsaninso chobwerera m'mbuyo: a masuku akuchepa ndi angati kwa a nthochi? Pakufunika ana angati owonjezera kuti masuku afanane ndi mango? Masamu ake ndi amodzi, koma mwana amene anangoloweza kuti akamva "kuposa" achotsere, amagwa pa mafunso awiriwa.

Kuchoka pakatoni kupita m'kope la masamu lija la timabokosi, lamulo n'losavuta: chitsekerero chimodzi, kabokosi kamodzi kodetsedwa ndi pensulo. Mizati yonse ikhale yofanana m'lifupi, pakati pake pazitsala mpata wa kabokosi kamodzi, mayina a zipatso pansi, mutu wa galafu pamwamba. Chimene chimasokoneza kwambiri ndi manambala a m'mbali. Ana amalemba 1 pa mzere wapansi m'malo mwa 0, ndiye mzati uliwonse umawerengeka ndi kamodzi koonjezera, wa 6 n'kukhala 7. Nambala ilembedwe moyang'anizana ndi mzere, osati pakati pa kabokosi, ndipo powerenga agoneke rula kuchokera pamwamba pa mzati mpaka pa nambalayo. Maso okha amatsetsereka.

Tsiku lina ikani dala chipatso chimene mukudziwa kuti palibe angachisankhe, monga mandimu. Ana amafuna kufufuta dzinalo poti palibe chojambula. Lisiyeni, chifukwa malo opanda mzatiwo akunena kuti 0, ndipo limenelo ndi yankho.

Makalasi athu a mu Blantyre muno si a ana 20, ndiye posakhalitsa mzati umafika kumapeto kwa tsamba. Musadandaule, ndi mpata wabwino wophunzitsira kabokosi koimira ana awiri. Ana 80 atagawikana 34, 22, 15 ndi 9, mizati ikhala timabokosi 17, 11, 7 ndi theka, komanso 4 ndi theka. M'mbali mulembe 0, 2, 4, 6 mpaka 34. Apa chizolowezi chowerenga timabokosi chimawatembenukira: amati okonda mango ndi 17. Mankhwala ake n'kubwerera kukatoni, musanjikize zitsekerero ziwiriziwiri m'kabokosi kalikonse, awerenge mokweza kuti 2, 4, 6. Theka lija amalimva msanga akaona kabokosi komaliza kali ndi chitsekerero chimodzi chokha. Ine sindiona phindu lolumphira ku 5 kapena 10 mwana asanakhazikike pa 2.

Makolo kunyumba sakufunika katoni. Khalani ndi mwana pakhonde kwa mphindi 10, azilemba kamzere pa minibasi iliyonse, njinga ya kabaza, lole ndi galimoto yaing'ono imene yadutsa, timizere tinayi n'kudula ndi kachisanu. Mukachita zimenezi m'mawa ndi madzulo mukhala ndi magalafu awiri oti awafananize, bola manambala a m'mbali akhale ofanana pa onse awiri, apo ayi aziyerekeza kutalika kwa zinthu zosayezedwa mofanana. Mayi ogulitsa mandasi akhoza kumupatsa mwana chiwerengero cha tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Kenako mufunseni kuti n'chifukwa chiyani Lachitatu anagulidwa ochepa. Aganiza za mvula kapena za ufa umene unachepa, zonse n'zotheka, koma mumuuze kuti aloze pamene galafuyo yanena zimenezo. Sapapeza. Galafu yangonena kuti anali angati, chifukwa chake akafunse kwa amake.