Loweruka ku Springfield

Lero sindinapite kuntchito. Mwana wanga wamkazi anapatsidwa homuweki ya mbiri ya dziko lino la America, ndiye titangomwa tiyi tinakwera galimoto kupita ku Springfield Armory, malo akale osungirako zida za boma kuno ku Massachusetts. Kunja kunali kuzizira koluma makutu.

M'katimo muli mfuti zakale zoimikidwa m'mizere, zambiri moti maso amatopa. Koma mtima wanga unali pa zimene zinachitikira pamalowa pa 25 Januwale 1787. Tsikulo alimi oposa 1,000 anabwera akuponda chipale chofewa, Daniel Shays ali patsogolo, kudzalanda zida. Olondera malowo anaomba mizinga, anthu anayi anafa, ena onse n'kubalalika.

"Adadi, ndiye kuti anthuwa anali zigawenga?" anandifunsa atagwira kope pachifuwa.

Ndinakhala kaye chete, chifukwa funsoli linandilasa. Shays anamenya nawo nkhondo yochotsa ulamuliro wa Britain, anali kapitawo wa asilikali. Lafayette, mkulu wa asilikali wa ku France amene anathandiza America pankhondoyo, anamupatsa lupanga laulemu, koma iye analigulitsa chifukwa cha umphawi. Anabwerera kumunda malipiro ake asanalandire, n'kupeza ngongole zikumudikira pakhomo. Boma la Massachusetts linakweza msonkho kuti libweze ngongole za nkhondo, ndipo linkafuna ndalama zachitsulo kwa anthu amene anazolowera kusinthana mbewu ndi ziweto. Wolephera kulipira ankamulanda munda ndi ng'ombe, wina mpaka kumutsekera m'ndende. N'chifukwa chake mu Ogasiti 1786 alimi anatchinga pakhomo pa khoti la ku Northampton kuti oweruza asalowe. Ine mwana wa mlimi, sindingawatche zigawenga anthu amenewa.

Tili pabenchi panja ndinamufotokozera chimene chimandimvetsa chisoni koposa. Boma lalikulu la zigawo 13 zimene zinkapanga dziko la America nthawi imeneyo silinali ndi mphamvu yokhometsa msonkho. Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, inkangopempha, ndipo zigawo zinkapereka pang'ono kapena osapereka n'komwe. Mu 1781 inapempha chilolezo chodula 5 peresenti pa katundu wolowa m'dziko, koma lamulo linkafuna kuti zigawo zonse zivomere. Chigawo cha Rhode Island chitakana, nkhani inathera pomwepo. Mu Juni 1783 asilikali osalipidwa anazinga nyumba imene Congress inkakumanamo ku Philadelphia, aphungu n'kuthawira ku Princeton. Tangoganizani, anthu oti agonjetsa ufumu wamphamvu chonchija akuthawa ana awo omwe! Ngakhale gulu la asilikali lothamangitsa Shays analilipirira ndi amalonda olemera a ku Boston, chifukwa m'thumba la boma munalibe kanthu.

Mwanayo ankalemba mofulumira, zala zitafiira ndi chisanu, mpaka ndinamubwereka magolovesi anga.

Pobwerera anandikumbutsa yekha kuti mu Meyi 1787 nthumwi zinasonkhana ku Philadelphia n'kulemba malamulo atsopano opatsa boma mphamvu ya msonkho, ndipo Rhode Island sinatumize munthu. Shays naye anathawira ku Vermont, kenako boma la Massachusetts linamukhululukira mu 1788.

Panopa ndi usiku, tadya nsima, iye ali pathebulo akufufuta chiganizo choyamba kachitatu. Wandifunsa ngati aphunzitsi angalole kuti ayambe ndi lupanga lija. Ndamuuza kuti ayambe nalo.